Kodi SEO imathandiza Google kapena imaiwononga? Mafunso ndi mayankho

Amene ali ndi webusaiti amawadziwa maimelo aja olonjeza kuti mukalipira, akukwezani mpaka pamwamba pa Google. Amene amangosaka zinthu nawonso anakumanapo ndi tsamba lokhala pamwamba penipeni, koma kulitsegula n'kupeza mawu ambirimbiri opanda yankho. Ziwirizi n'zapachibale, ndipo mafunso ali m'munsiwa akufotokoza chibale chakecho.

Kodi SEO n'chiyani kwenikweni?

Ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti search engine optimization. Ndi ntchito yokonza webusaiti kuti izituluka pamwamba munthu akasaka chinthu pa Google, Bing kapena makina ena ofufuzira, popanda kulipira eni makinawo. Malo olipira aliponso, aja amalembedwa kuti ndi otsatsa malonda, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Chovuta n'chakuti dzina limodzili lanyamula ntchito zosiyana kwambiri. Wokonza tsamba kuti lizitseguka msanga pafoni amati akuchita SEO. Wolemba mutu womveka bwino pankhani yake amatinso ndi SEO. Wogula malinki zikwizikwi kwa munthu amene sanamuonepo nayenso amatero. Mikangano yambiri imayamba chifukwa wina akunena za woyambayo pamene mnzake akunena za womalizayo.

Makinawa amasankha bwanji tsamba loti likhale pamwamba?

Kaye amatumiza pulogalamu yoyendayenda pa intaneti, ya Google imatchedwa Googlebot, imene imatsata malinki kuchoka patsamba lina kupita pa lina n'kumakopera zimene yapeza. Zokoperazo zimalowa m'kaundula wamkulu. Inu mukalemba funso, makinawo amayang'ana m'kaundulamo n'kusanja masamba, ili pamwamba, ili pansi.

Pakusanja m'pamene pagona nkhani yonse. Makina sadziwa ngati dokotala wolemba nkhaniyo ndi dokotaladi, kapena ngati wolemba za firiji anaigwiritsapo ntchito. Amangoona zizindikiro: mawu ali patsambalo, masamba ena amene akuloza kumeneko, mmene anthu amadinira. Makina oyambirira a m'ma 1990, monga AltaVista, ankadalira kwambiri mawu a patsamba. Larry Page ndi Sergey Brin ali ku yunivesite ya Stanford anabwera ndi nzeru ina, yotchedwa PageRank, ndipo Google inayambira pamenepo mu 1998. Nzeru yake inali yakuti linki ili ngati voti: munthu akaika linki yopita kutsamba lanu, ndiye kuti waliona kuti n'laphindu, ndipo voti ya tsamba lodalirika imalemera kuposa ya tsamba losadziwika. Zinayenda bwino zedi chifukwa panthawiyo anthu ambiri ankaika malinki osaganizira n'komwe za makina ofufuzira.

Ndiye yankho n'lotani, imathandiza kapena imawononga?

Ine ndimaona motere: SEO imathandiza makinawa kuwerenga intaneti, koma imawasokoneza pa kuweruza. Ntchito iliyonse yopangitsa tsamba kupezeka ndi kumveka imawapepuzira katundu. Ntchito iliyonse yopanga dala zizindikiro zija imachotsa tanthauzo la zizindikirozo, ngakhale woichitayo atakhala kuti sanaswe lamulo lililonse.

Taganizirani wogula chimanga amene amadalira sikelo. Alimi ena akazindikira kuti chofunika ndi kulemera, amayamba kunyowetsa chimanga. Sikelo sinafe, ikuwerengabe makilogalamu molondola, koma makilogalamuwo asiya kunena zoona za chimangacho. Wogula uja amayamba kukayikira thumba lililonse, kudula mtengo, kubweza katundu, ndipo mlimi amene anayanika chake bwinobwino amalangidwira limodzi. N'zimene zakhala zikuchitika pakati pa Google ndi eni mawebusaiti kwa zaka zoposa 20. Mukandikakamiza kuti ndisankhe mbali imodzi, ndinena kuti pamafunso amene pali ndalama, monga kugula katundu, ngongole, mahotela ndi mankhwala, kuwononga n'kumene kwapambana.

Umboni woti imathandiza uli pati?

Ulipo wooneka ndi maso. Zida zambiri zimene akatswiri a SEO amagwiritsa ntchito anazipanga ndi eni makina ofufuzira omwewo. Mu 2005 Google inayambitsa sitemap, kafayilo kosonyeza masamba onse a pawebusaiti, ndipo mu 2006 Yahoo ndi Microsoft anaivomereza. Mu 2011 makampani atatu omwewa anakhazikitsa schema.org, njira yolembera kuti makina adziwe kuti nambala iyi ndi mtengo, iyi ndi nthawi yotsegulira, iyi ndi deti la msonkhano. Palibe kampani ingagawe zida zotere kwa anthu amene ikuwaona ngati adani okhaokha.

Chinanso, Google yagwiritsapo ntchito njala ya eni mawebusaiti yofuna kukhala pamwamba pokonza intaneti yonse. Mu Ogasiti 2014 inalengeza kuti masamba otetezedwa ndi HTTPS, njira yobisa zimene munthu akutumizirana ndi webusaiti kuti ena asaziwerenge, azipatsidwa kamwayi pang'ono. Mu Epulo 2015 inachitanso chimodzimodzi ndi masamba owerengeka bwino pafoni. Mabwana amene anakana kwa zaka kutulutsa ndalama yokonzera webusaiti anaitulutsa atamva kuti atsika pa Google. Ife amene timalowa pa intaneti ndi foni komanso bandulo yowerengera tinapindula nazo, ndipo amene anakakamiza mabwanawo nthawi zambiri anali anthu a SEO.

Nanga kuwonongako kumachitika motani?

Chizindikiro chilichonse chimene makina anayamba kudalira, anthu anachithamangira mpaka kuchitha mphamvu. Poyamba panali malo obisika patsamba pomwe mwini wake ankalembapo mawu ofotokoza zimene tsambalo likunena. Anthu anadzazamo mayina a anthu otchuka ndi mawu ena osagwirizana ndi nkhani, ena n'kumalemba mawu oyera pamalo oyera kuti munthu asawaone koma makina awawerenge. Mapeto ake makina anasiya kuwakhulupirira malowo, ndipo mu 2009 Google inanena poyera kuti sigwiritsa ntchito mawu a pamenepo posanja masamba. Chida chabwino chinatayika chotero.

Kenako inafika nthawi ya malinki. Anthu atadziwa kuti linki ndi voti, mavoti anayamba kugulitsidwa. Nkhani ya J.C. Penney, sitolo yaikulu ya ku America, imaonetsa bwino mmene zinkakhalira. Mu Febuluwale 2011 nyuzipepala ya New York Times inapeza kuti kwa miyezi ingapo sitoloyi inkatuluka pamwamba pa mawu ambirimbiri: madiresi, zofunda, makapeti. Munthu akasaka zikwama za Samsonite, J.C. Penney inkabwera patsogolo pa webusaiti ya Samsonite yeniyeniyo. Atafufuza anapeza malinki zikwizikwi omwazidwa m'mawebusaiti osagwirizana n'komwe ndi zovala. Linki ya madiresi akuda inali pawebusaiti ya zaumisiri wa nyukiliya, ina ya madiresi inali pawebusaiti yogulitsa nyumba ku Bulgaria. A J.C. Penney anati sankadziwa ndipo anachotsa kampani imene inkawachitira SEO. Google italowererapo, pa zikwama za Samsonite zija sitoloyo inachoka pa nambala 1 kufika pa nambala 71 m'maola ochepa. Koma onani: nyengo ya Khirisimasi, imene masitolo amagulitsa kwambiri, inali itadutsa kale, ndipo amene anautsa nkhaniyi anali mtolankhani.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi zimene zinatayika pozimitsa motowo. Mu 2005 makina ofufuzira anayambitsa chizindikiro cha nofollow, chouza makina kuti linki iyi musaiwerengere ngati voti, pofuna kuthana ndi anthu omwaza malinki paliponse pamene pali mpata wolembapo. Mu 2007 Wikipedia inaika chizindikirochi pamalinki ake onse otuluka kunja. Ndiye kuti malinki osankhidwa mosamala ndi anthu ongodzipereka, amene akanakhala mavoti abwino koposa, anasiya kuwerengedwa monga kale. Mu Epulo 2012 kusintha kwa kasanjidwe ka Google kotchedwa Penguin kunayamba kulanga masamba okhala ndi malinki okayikitsa, ndipo pomwepo panabuka mantha atsopano: bwanji ngati mdani wanu atakugulirani malinki oipa dala kuti mulangidwe? Mu Okutobala chaka chomwecho Google inatulutsa chida chokanira malinki. Eni mabizinesi osalakwa anayamba kuthera nthawi yawo akukana malinki amene sanawapemphe.

Kodi ochita zimenezi si timakampani tachinyengo tokha?

Ayi. Mu Febuluwale 2006 Google inachotsa m'kaundula wake webusaiti ya BMW ya ku Germany chifukwa inkaonetsa makina tsamba lodzaza ndi mawu obwerezabwereza pamene anthu inkawaonetsa lina. Inabwezeretsedwa patangopita masiku ochepa. Mu Januwale 2012 Google inatsitsa tsamba la Chrome, pulogalamu yake yomwe yotsegulira intaneti, kwa masiku 60 zitadziwika kuti kampeni yoitsatsa inalipira olemba nkhani ndipo munalowa linki yoswa malamulo a Google. Kusiyana kwake n'kwakuti wamkulu akalangidwa amabwerera msanga, chifukwa anthu osaka BMW akapanda kuipeza amadandaula ndi Google. Wamng'ono akatsitsidwa palibe amene amazindikira.

Ngati achinyengo amagwidwa, vuto latsala pati?

Latsala pa SEO yololedwa, ndipo kwa ine limeneli ndiye lalikulu. Cha m'ma 2009 ndi 2010 makampani ngati Demand Media, eni ake a webusaiti ya malangizo ya eHow, anapeza njira yosaswa lamulo. Kompyuta inkaona zimene anthu akusaka ndi ndalama zimene otsatsa malonda angalipire pamutu uliwonse, kenako olemba ankapatsidwa mituyo n'kulipidwa ndalama zochepa pankhani iliyonse. Nkhanizo sizinali zabodza kwenikweni. Zinali zopanda thupi, zolembedwa ndi munthu amene sanagwirepo chinthucho. Kusintha kwa kasanjidwe ka Google kotchedwa Panda, mu Febuluwale 2011, kunabwera kudzathana ndi zotere ndipo kunakhudza pafupifupi 12 peresenti ya zosaka za ku America.

Khalidwelo silinathe, linangovala bwino. Lero mukafuna kudziwa kaphikidwe ka chakudya mumayamba mwadutsa ndime zambiri musanafike pa zosakaniza. Mukasaka foni yabwino yotsika mtengo mumapeza masamba khumi ofanana ngati analembedwa ndi munthu mmodzi, onse ali ndi malinki opita kusitolo kumene wolembayo amalandira kangachepe mukagula. Aliyense amayang'ana amene ali pamwamba n'kutengera mitu yake, kutalika kwake, ngakhale mafunso ake. Makina amene ntchito yawo ndi kusiyanitsa chabwino ndi choipa amapatsidwa masamba osasiyana.

Ofufuza a ku Leipzig ndi Weimar ku Germany anaziyeza zimenezi. Kwa chaka chathunthu anatsata zosaka 7,392 zokhudza kuunika katundu pa Google, Bing ndi DuckDuckGo, ndipo zotsatira zake zinatuluka kumayambiriro kwa 2024. Anapeza kuti masamba okhala pamwamba amakhala okonzedwa kwambiri mwa SEO, okhala ndi malinki ambiri amalonda, ndipo zolemba zake zimaoneka zotsikirapo. Anaonanso kuti makinawo akasintha kasanjidwe zinthu zimakhalako bwino kwa kanthawi, kenako zinyalala zimabwereranso.

Koma nkhondo imeneyi sinanole Google?

Inainola ndithu. Chifukwa chopusitsidwa pa mawu, makina anaphunzira kumva tanthauzo la funso m'malo mongowerenga mawu ofanana. Chifukwa chopusitsidwa pa malinki, anaphunzira kuyang'ana kumene linki yachokera. Koma mphamvu zambiri zinapita pa kutseka mipata, ndipo njira yosavuta yodzitetezera inakhala kukondera mayina akuluakulu odziwika kale. A SEO ataona zimenezo anayamba kuchita lendi malo pamawebusaiti a nyuzipepala zotchuka n'kuikapo nkhani za makuponi ndi ngongole, kuti zikwere ndi dzina la eni nyumba. Google inaletsa khalidweli mu 2024. Panthawi yonseyo, kawebusaiti ka munthu wodziwadi ntchito yake kanali pansi.

Ndiye Google ndi yongolakwiridwa?

Ayi, ndipo apa tisamapite m'mbali. Page ndi Brin, m'pepala lawo la 1998 lofotokoza Google, analemba okha kuti makina ofufuzira odalira ndalama za otsatsa malonda adzakondera otsatsawo m'malo mwa anthu osaka. Lero ndalama zambiri za Google zimachokera kwa otsatsa malonda. Kudzera mu AdSense, imene inayamba mu 2003, Google imaika malonda pamasamba a anthu ena n'kugawana nawo ndalama, kutanthauza kuti masamba ambiri opanda thupi aja ankadyera limodzi ndi Google yomwe inkawathamangitsa.

Palinso kukula kwake. Pafupifupi 90 peresenti ya kusaka konse padziko kumachitikira pa Google. Mu 2017 bungwe la European Commission, loyendetsa mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, linailipiritsa mayuro 2.42 biliyoni chifukwa chokweza ntchito yake yofananitsa mitengo pamwamba pa za ena. Mu Ogasiti 2024 woweruza Amit Mehta ku Washington anagamula kuti Google inaswa lamulo poteteza ufumu wake pa kusaka, ndipo pamlanduwo zinadziwika kuti mu 2021 mokha inalipira madola 26.3 biliyoni kuti ikhale yoyamba kupezeka m'mafoni ndi m'mapulogalamu otsegulira intaneti. Khomo likakhala limodzi, aliyense amakankhana pomwepo. Kukanakhala makina asanu amphamvu zofanana, osanja mosiyana, kulembera makina amodzi sikukanapindulitsa chonchi, ndipo kulembera anthu kukanakhala njira yachidule yokondweretsera onse.

Nzeru zopangidwa, za AI, zasintha chiyani?

Zatsitsa mtengo wa zinyalala. Nkhani imene kale inkafuna munthu wolipidwa, lero kompyuta imailemba m'kanthawi kochepa, ndipo munthu mmodzi akhoza kutulutsa masamba zikwi pa tsiku. Mu Malichi 2024 Google inakhwimitsa malamulo ake pa zolemba zochulukitsidwa chonchi, kaya walemba ndi munthu kaya makina.

Mu Meyi 2024 inayambanso kuika mayankho olembedwa ndi AI pamwamba pa zotsatira ku America. M'masiku oyambirira yankho lina linalangiza anthu kuthira guluu mu pizza kuti tchizi isamasendemuke, nzeru imene inatengedwa pa nthabwala yakale ya pa Reddit, webusaiti imene anthu amakambiranapo nkhani. Cholakwikacho chinakonzedwa, koma funso lenileni likadalipo. Ngati yankho laperekedwa pamwamba ndipo munthu sadinanso kupita kwa amene analemba, wolemba wosamala adzalipidwa ndi ndani? Wotulutsa masamba zikwi sataya kanthu. Wotaya ndi uja anagula katundu ndi ndalama zake n'kumuyesa kwa mwezi wathunthu asanalembe.

Kodi zimenezi zikutikhudza ife osaka ndi kulemba m'Chichewa?

Zikutikhudza, koma mwa mtundu wina. Pa Chingerezi vuto ndi kuchuluka kwa masamba olimbirana malo. Pa Chichewa vuto ndi kusowa. Zambiri zimene anthu amafuna, mitengo, nthawi ya mabasi, malangizo a ulimi, zimayenda m'magulu a WhatsApp momwe Googlebot salowamo. Zina zimaikidwa pa intaneti ngati chithunzi cha kalata yodindidwa, yojambulidwa ndi foni mopendekera, popanda mawu alionse olembedwa pambali. Chidziwitsocho chilipo, koma wosaka sangachipeze mosavuta.

Mpata wotsalawo umadzazidwa ndi masamba omasuliridwa ndi makina. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu Disembala 2014, ndipo chidacho n'chothandiza, koma chinapatsanso mwayi eni mawebusaiti akunja kutembenuza masamba awo m'zinenero zambirimbiri popanda munthu wowerenganso. Mukawerenga ena mwa masambawo mumaona mawu a Chichewa koma chiganizo chosamveka, ndipo nkhani ikakhala ya mankhwala zimenezo n'zoopsa.

Choncho kwathu kuno SEO yosavuta ija ndi yofunika kwambiri, ndipo ndimailimbikitsa ndi mtima wonse. Sukulu, chipatala, mpingo kapena wailesi ikalemba chidziwitso chake m'mawu enieni, ndi mutu womveka ndi deti, m'chinenero chimene anthu amasakira, imathandiza makinawo ndi anthu nthawi imodzi.

Ndili ndi bizinesi yaing'ono. Ndilembe ntchito munthu wa SEO?

Yambani ndi zaulere. Lembetsani bizinesi yanu pa Google Business Profile kuti izioneka pamapu ndi nambala ya foni ndi nthawi yotsegulira. Lumikizani webusaiti yanu ku Search Console, chida chaulere cha Google, kuti muziona mawu amene anthu amakupezerani ndi masamba amene ali ndi vuto. Lembani zimene makasitomala amakufunsani tsiku ndi tsiku, mitengo ndi malo, m'mawu amene iwo amagwiritsa ntchito.

Mukafuna katswiri, mufunseni kuti achita chiyani kwenikweni, ndipo akuuzeni m'mawu oti mumve. Akalonjeza nambala 1, musiyeni. Google yomwe imanena kuti palibe angalonjeze zimenezo. Akanena za kugula malinki kapena kukulemberani nkhani mazana pamwezi, dziwani kuti chilango chikadzabwera chidzagwera webusaiti yanu, iye atalandira kale zake. Ndipo mawu achinsinsi a webusaiti ndi dzina lake zikhale m'manja mwanu.

Nanga ine wongosaka, ndingadziteteze bwanji?

Musatenge kukhala pamwamba ngati umboni woti tsambalo likunena zoona. Yang'anani kaye ngati ndi malonda olipiridwa. Patsamba lounika katundu, onani ngati pali zithunzi zojambula okha ndi zoipa za katunduyo, osati zabwino zokhazokha. Mukafuna mawu enieni, atsekereni m'zizindikiro za mawu ogwidwa. Mukafuna za pawebusaiti imodzi yokha, lembani site: kutsogolo kwa dzina lake, mwachitsanzo site:who.int pa nkhani za umoyo. Funso likakhala lofunika, lisakeninso pa Bing kapena Brave Search, amene ali ndi kaundula wawowawo, muone ngati mayankho akugwirizana.